Gudumu Losapita Kulikonse

Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwongola magudumu
pa Malangalanga, pansi pa malata odontha,
koma loti lisagubuduke sindinapangepo
mpaka tsiku lomwe anabwera bambo wometa mpala,
nsalu yake yofiirira ngati katondo,
m'manja pepala lopinda kanayi:
masipoko asanu ndi atatu, osawonjezera,
likakhale pamwamba pa chipata cha kachisi wawo.

Ndinaseka. Njinga yanji ingayende ndi ochepa chonchi?
Mnyamata womasulira anati,
awa si a njinga, ndi a munthu:
kaonedwe, kalingaliridwe, kayankhulidwe, kachitidwe,
kapezedwe ka chakudya...
Atatu enawo anamezedwa ndi phokoso la galainda.

Ndinakalipachika mu Okutobala,
fumbi la Lilongwe likukukutika m'mano.
Pakhomo ndinapunthwa pa chiundo chachitali,
masipanala kuti mbwee!
Nankhoma wosesa sanandipepese.
Anachikweza dala, anatero,
kuti wolowa ayambe wayang'ana pansi.

Mkati muli zii, mozizira ngati mumtsuko.
Munthu wamkuwa wapinda miyendo
pa duwa la kakombo,
lomwe lija limaphuka m'zithaphwi za ku Lingadzi
pakati pa majumbo ndi mabotolo,
loyera ngati silidziwa kwawo.
Makutu ake ndi olendewera.
Akuti ndolo zachifumu zinawakoka;
ndolozo anavula kalekale, zibowo zinatsala.
Dzanja limodzi lakhudza nthaka,
silikuloza kumwamba monga pa chithunzi cha kutchalitchi kwathu,
koma pansi,
pomwe ine ndimatayira zidutswa za waya.
Maso sanatseke, sanatsegulenso,
ngati mlonda m'bandakucha.

Ndili pa makwerero, wometa mpala anafunsa:
Sipoko ukaimanga kwambiri?
Imaduka, ndinatero.
Ukailekerera?
Gudumu limavina.
Anagwedeza mutu n'kubwerera kukathirira kachere wake
ngati ndine ndalalikira.

Belu lawo lilibe lilime.
Amaligunda ndi chipika cholendewera,
kenako onse duu, kumvetsera
osati kulira kwake, koma kutha kwake.
Ndinaima, nyundo ili m'manja,
mpaka mawuwo analowa m'mapesi kuseri kwa mpanda.
Pomwe anathera sindipadziwa.

Kwathu ku Chinsapo, pamsomali kuseri kwa chitseko,
pali gudumu lina.
La kabaza ya Zondiwe, mwana wanga,
lopindika ngati khutu,
momwe lole ya mchenga inalisiyira pamseu wa ku Likuni.
Ine wowongola za anthu onse,
ili sindinaligwire zaka zinayi.
Mayi ake amaphimbapo chitenje.
Ine ndimachotsa chitenjecho.
Sitinakambiranepo.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi monga kale,
ndinaimba besi, ndinaponya chopereka.
Sindinasinthe mpingo, musandinamizire.
Kungoti madzulo ndinalitsitsa
n'kukhala nalo pansi pakhonde.
Maondo anakana kupindika monga a wamkuwa uja.
Sipoko yoyamba inalira pomasuka.
Yachiwiri inathyoka ndi dzimbiri.
Pofika yakhumi ndinali ndisakuonanso bwino,
ndinangopitiriza ndi zala.
Limu ndinaiponda, ndinaimenya,
sinawongoke kwenikweni.

M'mawa kamwana ka a Chikadza kanasuzumira pampanda:
Agogo, mutaya?
Ndinakhala chete nthawi yoti tiyi azizire.
Kanaitenga, kanathyola kamtengo,
ndipo limu ija inatsika njira ya kumjigo
ikuvina, ikuvina,
koma ikupita.

Mvula yoyamba itagwa ndinadutsanso kukachisi.
Pomwe ndinawotcherera, penti wagolide wayamba kusupuka,
kadzimbiri kakutsika ngati msozi.
Ndinati ndibwera ndi bulashi, sindilipiritsa.
Womasulira anapita, anabwera:
akuti mulisiye,
layamba kuphunzitsa.

Nankhoma anali pamasitepe,
akusesa fumbi lomwe anasesa dzulo.